KUKONZA MOTO NDI MAWAYA A NJINGA YAMOTO YAKALE

Alimi a ku Silverest ndi a m'madera ena a m'boma la Chongwe, monga ku Kanakantapa, ku Palabana ndi ku Chalimbana, adziwa bwino thandizo la njinga yamoto, imene ena aicha mthuthuthu ndipo ambiri angoti honda. Ndiyo imanyamula matimati, repu, mazira ndi mkaka kunka nazo ku mseu waukulu wa Great East Road kapena ku msika wa Soweto mu Lusaka. Ndiyonso imathamangitsira wodwala ku cipatala pakati pa usiku. Koma njinga zambiri za m'midzi nzakale, zogulidwa kwa eni ace oyamba, ndipo dzinja likafika zimayamba kukana kulira m'mamawa. Mkaka sulinda makanika, ndiponso matimati othyoledwa dzulo salinda.

Masiku ano uphungu umene umveka ponseponse ndi wakuti, "Cotsani mapointi, ikani CDI." Uphungu umenewu suli woipa, koma uli ndi nthawi yace. Kawirikawiri cimene cidwalitsa njinga yakale ndi mawaya ace, ndipo munthu woika CDI yatsopano pa mawaya obvunda afanana ndi wofolera malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi ciswe. Cotero m'phunziro lino tiona zinthu zitatu motsatana: kupima, kukonza mawaya, ndipo pomariza kusintha moto.

MOTO WA PULAGI UCOKERA KUTI

M'kati mwa injini petulo wosanganiza ndi mpweya amapanikizidwa ndi pisitoni, ndipo pulagi imathetheka moto umene uyatsa msanganizowo. Kuti motowo ulumphe pa kampata ka pulagi pafunika mavolt oposa 10,000. Mphamvu imeneyi imapangidwa ndi koilo ija iri pansi pa thanki, imene ilandira magetsi ocepa ndi kuwakweza. Magetsi ocepawo, pa njinga zazing'ono zambiri, amacokera ku maginito: gudumu lolemera lokhala m'mbali mwa injini, limene lizungulira pa makoilo ena ang'ono.

Koma moto uyenera kufika pa nthawi yace, pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Pa njinga zakale mlonda wa nthawiyo ndi mapointi, tizitsulo tiwiri timene titseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira, pamodzi ndi kondensa imene iletsa tizitsuloto kupsya msanga. Popeza mapointi amakhuzana ndi citsulo cozungulira nthawi zonse, kacidendene kace kamatha pang'ono pang'ono, mpata umacepa, ndipo moto umayamba kucedwa. Mafuta, pfumbi la m'cilimwe ndi cinyontho ca m'dzinja zimaadetsanso.

CDI ndi kabokosi kopanda cinthu coyenda m'kati mwace. Kamasunga magetsi a mavolt mazana angapo, ndipo kakoilo kakang'ono ka pafupi ndi gudumu la maginito, kochedwa pick-up, kakapereka cizindikiro, kabokosiko kamataya magetsi onse mu koilo nthawi imodzi. Palibe cokhuzana, cotero palibe cakutha, ndipo nthawi ya moto sisuntha. Kawasaki anaika CDI pa njinga yace ya H1 mu 1969, ndipo m'zaka zotsatira makampani ena anatsata. Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975 kuti ipirire miseu yoipa ndi kusamala kocepa, poyamba inali ya mapointi ndi magetsi a 6V. Zopangidwa pambuyo pace ndizo zinabwera ndi CDI ndi 12V. Injini zambiri za ku China zimene tiziona pa miseu yathu zinatengera kapangidwe ka CG125 yomweyo, ndipo ici ndico cifukwa cace zitsulo zace zipezeka mosabvuta mu Lusaka.

PIMANI MUSANAGULE

Akulu anati safunsa anadya phula. Njinga ikakana kulira, ifunseni mwa dongosolo ili, kuyambira pa cochipa kufikira pa codula.

1. Onani ngati m'thanki muli petulo ndiponso ngati kampopi kace nkotsegula. Ambiri amasula injini cifukwa ca thanki louma.

2. Masulani pulagi ndi kuona mutu wace. Ukakhala wofiirira ngati dothi louma, injini iri bwino. Ukada ndi mwaye, petulo waculuka kapena moto ngwofoka. Ukayera mbuu, injini itentha koposa. Mpata wa pulagi pa CG125 ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm.

3. Bwezerani pulagi mu kapu yace, igonekeni pa citsulo ca injini kutali ndi ciboo cace, ndipo pondani kiki muli pa mthunzi. Moto wabwino ngwobiriwira ngati thambo ndipo umamveka kuti tha! tha! Wofiira ndi woonda ngwofoka. Musagwire citsulo ca pulagi ndi manja, ndipo pukutani petulo yense wotayika musanayambe.

4. Moto ukasowa, yesani pulagi yina yatsopano. Ukasowabe, potolozani kapu kuicotsa pa waya wace wonenepa, dulani sentimita imodzi kunsonga kwa wayayo kumene kwacita dzimbiri, ndipo bwezerani kapu.

5. Ukasowabe, kaikirani swichi ya kiyi ndi swichi yozimitsira. Pa Honda zambiri za maginito injini imazima pamene waya wakuda wa mzere woyera agunditsidwa ku felemu. Solani waya ameneyu pa mfundo yace ndi kupondanso kiki. Moto ukabwera, bvuto liri mu swichi imene mwalowa madzi kapena dzimbiri.

6. Tsopano yang'anani mapointi. Apaleni pang'ono ndi sandipepa yosalala, apukuteni ndi pepala loyera, ndipo ikani mpata wace pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm pamene atseguka kotheratu. Pa gudumu la maginito pali zilembo ziwiri, F ndi T. T asonyeza kuti pisitoni iri pamwamba penipeni. F ndiye malo a moto. Mapointi ayambe kutseguka pamene F alingana ndi kamzere ka pa injini. Ikani kapepala kopyapyala pakati pa mapointi ndi kuzunguza gudumu pang'ono pang'ono kumbali imene injini iyendera: kapepalako kasololoke pa F penipeni.

7. Ngati mapointi akumbika-kumbika ndipo athetheka kwambiri, kapena injini ilira bwino iri yozizira koma idukiza ikatentha, kaikirani kondensa. Mapointi ndi kondensa zisinthidwe pamodzi.

Njinga zambiri zimacira zisanafike pa nambala 6. Kuona maso a nkhono nkudekha.

KUKONZA MAWAYA

Mawaya a njinga ya zaka makumi awiri kapena atatu aona zambiri. Dzuwa laumitsa cikopa cace ndipo casweka. Kugwedezeka kwa miseu ya miyala kwadula tinsambo ta m'kati, makamaka pa khosi la njinga pamene mahandulo apindira. Madzi a m'madambo alowa m'mfundo ndipo mkuwa wabiriwira. Njinga yogona m'nyumba yosungiramo matumba a cimanga imakumananso ndi makoswe, amene amatafuna mawaya pansi pa cishalo. Pamwamba pa izi, mwini aliyense wakale anasiyapo mfundo zace zopotokola ndi manja ndi kukulunga ndi pepala la pulasitiki.

Musanagwire waya aliyense, masulani batire, kuyambira mbali ya cizindikiro ca –, ndipo pobwezera mutsirizire mbali yomweyo. Jambulani ndi foni, kapena lembani pa pepala, kumene waya aliyense acokera ndi kumene apita. Sinthani waya mmodzi mmodzi. Wozula onse tsiku limodzi amagona masabata awiri wopanda njinga.

Gulani waya wa galimoto, wa tinsambo tambiri ta mkuwa. Waya wa m'nyumba wa nsambo imodzi yolimba amathyoka ndi kugwedezeka. Cenjeraninso ndi waya wochipa wa aluminiyamu wopaka mkuwa kunja kokha: palani kansambo ndi mpeni, mukaona koyera m'kati musiyeni. Waya wolembedwa 1 mm² akwanira nyali ndi huta, koma wa ku batire ndi wa earth akhale wonenepa koposa, 1.5 kapena 2 mm².

Mfundo iriyonse ikhale yopanidwa bwino ndi timitu tacitsulo tolowetsana, kapena yomatidwa ndi solder, ndipo ibvekedwe kacubu kofota ndi moto kapena tepi ya magetsi. Mfundo yopotokola cabe imacita dzimbiri, imatentha, ndipo imadya mphamvu imene ikadapita ku pulagi ndi ku nyali.

Samalani koposa za earth. Magetsi ali ngati madzi a mu ngalande yozungulira: akapita ayenera kubwerera, ndipo njira yobwererayo ndiyo earth, imene idzera m'felemu ndi m'citsulo ca injini. Pamene koilo imangidwa pa felemu, ndi pamene waya wa earth amangidwa ndi bauti, palani utoto ndi dzimbiri kufikira citsulo ciwale, mangani zolimba, ndipo pakani girizi pamwamba kuchinga madzi. Nkwabwino kuonjeza waya wonenepa wocokera pa injini kufika pa felemu, ndi wina wocokera pa felemu kufika m'cigoba ca nyali yakutsogolo, popeza mabeleng'i a pa khosi sapititsa bwino magetsi. Nyali imene icita mdima mukaponda buleki, kapena maindiketa amene aphethira pamodzi ndi nyali yakumbuyo, ndizo zizindikiro za earth yoipa.

Pa khosi siyani mawaya otakasuka, ndipo pindani mahandulo kumanja ndi kumanzere kotheratu kuona kuti palibe wokokeka kapena wopanika. Mawaya apite kutali ndi ekizozi ndi mutu wa injini, ndipo podutsa pa ciboo ca citsulo pakhale mphira.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire pa waya wofiira, ya mlingo umene buku la njinga linena. Pa njinga zazing'ono kawirikawiri ndi 10A kapena 15A. Fyuzi ikapsya, yanena kuti pena pace waya agunda felemu. Munthu woika msomali, kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi wacotsa mlonda, ndipo tsiku lina mawaya adzayaka pansi pa thanki la petulo. Njinga yogona m'nyumba ya udzu ikayaka, nyumba ndi cimanga zipsya nayo pamodzi. Cochajira foni naco cilumikizidwe kudzera pa fyuzi ndi pa kiyi, kuti cisamwe batire usiku wonse.

DZIWANI MITUNDU YA MAWAYA

Kampani iriyonse iri ndi mitundu yace. Pa Honda, ndi pa njinga zambiri za ku China zotengera Honda, wobiriwira ngati msipu ndiye earth. Wofiira acokera ku batire. Wakuda ali ndi magetsi kiyi akatsegulidwa. Wakuda wa mzere wacikasu apita ku koilo ya pulagi. Wakuda wa mzere wofiira acokera ku koilo ya m'maginito kunka ku CDI. Wakuda wa mzere woyera ndiye wozimitsira. Koma pa Yamaha, monga AG100 ija inayamba kupangidwira alimi mu 1973, wakuda ndiye earth, ndipo wa magetsi a kiyi ndi wa bulauni. Taonani msampha pamenepa: munthu wozolowera Yamaha akamanga waya wakuda wa Honda pa felemu, fyuzi ipsya pomwepo, ndipo ngati palibe fyuzi apsya ndi mawaya. Popezanso eni akale anasintha mawaya ena, musakhulupirire mtundu wokha. Pimani ndi mita ya magetsi.

KODI MUYENERA KUSINTHA?

Mutatha kukonza mawaya, yendani nayo njinga masabata awiri. Ikamalira pa kiki yoyamba kapena yaciwiri, sungani ndalama zanu mugule feteleza. Mapointi ali ndi ubwino wace: akabvuta pakati pa chire, sikuludiraiva ndi kasandipepa zikufikitsani kunyumba. CDI sibvuta kawirikawiri, koma ikafa yafa, ndipo mankhwala ace ndi yina yatsopano basi.

Kusintha kuyenera ngati njinga iyenda tsiku ndi tsiku kotero kuti mwatopa ndi kulinganiza mapointi, ngati citsulo cotsegula mapointi catha, ngati mapointi enieni a njinga yanu sapezekanso m'masitolo, kapena ngati muyenda usiku ndipo mufuna nyali yowala ya 12V. Koma ngati injini ifuka utsi, imwa oilo ndipo kiki ingotsika yopanda mphamvu, ndalamazo ziyambe zapita ku pisitoni ndi maring'i. CDI siciritsa injini yotha.

KUIKA CDI

Pa njinga ya mapointi simungaike kabokosi kokha ai. Pafunika banja lathunthu logwirizana: gudumu la maginito lokhala ndi kanundu kodzutsa pick-up, mbale ya makoilo, pick-up, kabokosi ka CDI, ndi koilo ya pulagi yopangidwira CDI. Zonsezi zicokere ku mtundu umodzi wa injini. Popita ku sitolo nyamulani gudumu lakale ndi mbale yace, kapena nambala ya injini, kuti muyerekeze kukula kwa ciboo ca pakati, malo a mabauti, ndiponso ngati cibvundikiro ca injini cidzatseka.

CDI ziripo za mitundu iwiri. Ya AC imadya magetsi ocokera ku koilo ya m'maginito, ndipo njinga imalira ngakhale batire itafa. Imeneyi ndiyo yokomera wa kumudzi. Ya DC imadya magetsi a 12V a ku batire ndipo ifuna batire yamoyo nthawi zonse. Kunja zimaoneka zofanana, ndipo nthawi zina mapini ace amalowetsana, koma mukaziphatikiza molakwa moto subwera ndipo kabokosi kangathe kupsya. Funsani wogulitsa, ndipo werengani zolembedwa pa kabokosi. Ndiponso CDI ya injini yosanganiza petulo ndi oilo isaikidwe pa injini ya mavavu monga CG125, popeza kafulumizidwe ka moto nkosiyana.

Gudumu la maginito licotsedwe ndi cokokera cace cochedwa puller. Nyundo imafoketsa maginito ndipo ingapinde kirankishafuti. Pa shafuti pali kacitsulo kooneka ngati theka la mwezi. Kameneka ndiko kaimika gudumu pa malo ace. Kakadyeka kapena kakasowa, nthawi ya moto yasokonezeka. Pukutani shafuti ikhale youma, ndipo mangani nati molimba.

Kabokosi kamangidwe pamalo pouma ndi pozizira, pansi pa cishalo kapena m'mbali, pa mphira. Musaponde kiki kapu ya pulagi iri lende osagunda citsulo, cifukwa mphamvu yosowa kopita imaononga koilo ndi CDI. Wooceerera felemu ndi magetsi ayambe wasola CDI ndi batire.

Injini ikalira, makanika apime nthawi ya moto ndi nyali yace yophethira: injini ikamalira pang'onopang'ono, F aoneke ataima pa kamzere. Moto wofulumira koposa umabweza kiki ndi kupweteka mwendo, umagogodetsa injini, ndipo ungaboole pisitoni. Moto wocedwa umafoketsa njinga pa citunda, umatenthetsa injini ndi kutha petulo. Zigawo ziwiri izi, kucotsa gudumu ndi kupima nthawi, mpofunika munthu wophunzira nchitoyo ndi wokhala ndi zipangizo zace. Zina zonse mlimi wodekha azitha yekha.

KUCOKA PA 6V KUNKA PA 12V

Ubwino wa 12V uoneka ndi masamu ocepa. Babu la 35W pa 6V limakoka pafupifupi 6A, koma pa 12V limakoka pafupifupi 3A. Magetsi oyenda mu waya akacepa ndi theka, mphamvu yotayika pa mfundo yoipa imacepa kanai. Ndiponso mababu ndi mabatire a 12V ndiwo apezeka mosabvuta m'masitolo lero.

Posintha, sinthani zonse: batire, mababu onse, huta, kabokosi kophethiritsa maindiketa, ndipo ikani regulator ya 12V yogwirizana ndi makoilo atsopano. Babu la 6V losiyidwa limapsya nthawi yomweyo. Pimani ndi mita: batire yodzala ya 12V isonyeze pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikathamanga isonyeze pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapyola 15, regulator njoipa kapena earth yace siigwira, ndipo batire idzauma. Mababu a LED amadya magetsi ocepa, koma pa njinga zambiri zazing'ono nyali yakutsogolo imalandira magetsi a AC molunjika ku maginito. Pamenepo LED wamba imaphethira kapena kupsya. Funsani musanagule.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

Great East Road ndi mseu wa malole ndi mabasi ocokera ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo mlimi wopita ku msika amaulowa kusanace. Nyali yakumbuyo ikazima, woyendetsa lole sakuonani kufikira atakufikani. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, lifuna kuti nyali, huta ndi mabuleki zigwire nchito, ndi kuti woyendetsa ndi wokwezedwa abvale cisoti colimba. Yesani nyali zonse madzulo, musanagone.

Pansi pa cishalo pasasowe pulagi yatsopano, sipanala yace, mafyuzi awiri, babu, tepi ndi kawaya. Wa mapointi aonjeze kasandipepa. Wa CDI woyenda maulendo atali asunge kabokosi kena. Potsuka njinga musathire madzi m'maswichi, ndipo isagone pamodzi ndi matumba a cimanga.

Nthawi yabwino ya nchito yonseyi ndi m'cilimwe, mutagulitsa zokolola, ndalama ziri m'thumba ndipo mawaya ali ouma. Mvula ya mu November ikagwa, mudzafuna njinga kutengera mbeu ndi feteleza, ndipo makanika adzakhala ndi mzere wautali pakhomo pace. Zengerezu analinda kwaukwau. Sungani tsamba lino, ndipo muwerengereko mnansi wanu amene njinga yace igona pansi pa mtengo.